Ginkgo, brahmi, chikasu kapena chibwabwa: chothandiza ubongo kukumbukira n'chiti?

Mukalowa m'kemisiti yaikulu mu Lusaka, ku Manda Hill, ku East Park kapena m'tauni mu Cairo Road, mupeza shelefu ya mabotolo ojambulidwa ubongo. Pa WhatsApp napo ogulitsa ali mbwee, ndipo malonda amatentha mayeso a Giredi 12 ndi a ku UNZA akayandikira. Ogula ake ali mitundu itatu: wophunzira wofuna kuloweza zambiri m'masiku ochepa, munthu wapantchito amene wayamba kuiwala pamene waika makiyi, ndi ana amene aona kuti agogo afunsa funso limodzi kanayi m'mawa umodzi. Vuto la anthu atatuwa si limodzi, choncho botolo limodzi silingawathandize onse.

Yambani mwafunsa chimene chikukuiwalitsani

Nthawi zambiri munthu amene sanakalambe amaiwalaiwala chifukwa cha zinthu zodziwika bwino: kusagona mokwanira, nkhawa, matenda a maganizo, mowa, kuchepa kwa magazi, BP ndi shuga zosasamalidwa, chithokomiro chofooka, HIV kapena chindoko chimene sichinachizidwe. Mankhwala ena nawo amaphimba mutu, monga Piriton womwedwa usiku uliwonse kuti tulo tibwere, diazepam ndi amitriptyline. Palinso kuchepa kwa vitamini B12, kumene kumagwira kwambiri okalamba ndi amene amwa metformin, mankhwala a shuga, kwa zaka zambiri. Vitamini ameneyu simungamupeze m'chomera chilichonse chimene titchule pano. Ali mu kapenta, mazira, mkaka ndi nyama.

Mu 2024 gulu la akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet linawerengera kuti pafupifupi 45 pa odwala 100 alionse a dementia (matenda oiwala ndi kusokonezeka nzeru amene amagwira makamaka okalamba), matenda awo amakhudzana ndi zinthu 14 zotheka kuzisintha, monga BP, fodya, kusamva bwino, shuga ndi kukhala osachita zolimbitsa thupi. Kuyezetsa BP ndi magazi pa kiliniki ya kwanu kumayankha mafunso ambiri kuposa botolo loyamba.

Zoyezera zake

Choyamba ndi umboni. Chitsamba chinayesedwa pa anthu kapena pa makoswe? Ngati pa anthu, anali angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo anawayerekeza ndi ena omwa mapilitsi opanda mankhwala? Munthu aliyense amene walipira ndalama zake amamva ngati mutu wapepuka sabata yoyamba. Kumva koteroko si umboni.

Chachiwiri ndi ndalama, koma osati zolembedwa pabotolo. Werengani makapisozi ofunika pa tsiku kuti mufike pa mlingo umene unayesedwa, muchulukitse ndi masiku amene muyenera kumwa. Botolo lotchipa limene limatha m'masabata awiri limadya thumba kuposa lodula la mwezi wathunthu.

Chachitatu ndi kupezeka kwa chinthu chenichenicho. Mankhwala kuno amayang'aniridwa ndi ZAMRA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la 2013, koma katundu wobwera m'masutikesi n'kugulitsidwa pa foni sadutsa pamaso pa aliyense. Lebulo yabwino imatchula dzina la chomera m'Chilatini, gawo la chomeracho, kuchuluka kwa mankhwala m'kapisozi mmodzi, nambala ya gulu limene anapangira pamodzi ndi tsiku lothera mphamvu. Kukongola kwa botolo musakuwerengere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mu 2019 chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Ndola, cholembedwa kuti n'chachilengedwe, chinaletsedwa chitapezeka kuti muli sildenafil, mankhwala a mphamvu za abambo.

Chachinayi ndi kamwedwe ndi kasungidwe. Chachisanu, chimene chimaposa zonse kuno kwathu, ndi mmene chitsambacho chimakhalira ndi mankhwala amene mukumwa kale. M'nyumba zambiri mu Lusaka muli wina amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a BP, a shuga kapena a khunyu.

Ginkgo biloba

Kwawo kwa ginkgo ndi ku China, ndipo mankhwala amachokera m'masamba ake. Pa zitsamba zonse za ubongo, ameneyu ndiye anayesedwa kwambiri, ndipo zotsatira zake zili pawiri. Ku America kafukufuku wotchedwa GEM anatsatira okalamba 3,069 kwa zaka pafupifupi 6. Ena ankamwa 120 mg kawiri pa tsiku, ena mapilitsi opanda kanthu. Zotsatira zitatuluka mu 2008, omwa ginkgo anali atadwala dementia mofanana ndi anzawo aja. Ku France anayesa anthu oposa 2,800 kwa zaka 5, ndipo mu 2012 yankho linali lomwelo. Ginkgo sateteza munthu wabwinobwino. Komabe kwa amene ayamba kale kudwala ndipo matendawo sanakule, mtundu wotchedwa EGb 761, pa mlingo wa 240 mg pa tsiku kwa miyezi pafupifupi 6, unaonetsa kusintha pang'ono, ndipo n'chifukwa chake ku Germany amaulembetsa ngati mankhwala enieni.

Ndalama: apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Makapisozi ambiri amakhala a 60 mg, ndipo botolo limakhala ndi 60. Kuti mufike pa 240 mg mufunika anayi pa tsiku, botolo latha m'masiku 15, ndipo miyezi 6 yadya mabotolo 12. Tingoyerekeza kuti botolo lili pa K250, ndiye kuti mwalowa K3,000. Chenjeraninso ndi lebulo yolemba nambala yaikulu ngati 6000 mg. Nambala imeneyo ndi kulemera kwa masamba asanawafinye. Popeza amafinya magawo 50 kuti apeze gawo limodzi, m'kapisozimo muli 120 mg basi.

Kupezeka: makemisiti aakulu ali naye, ndipo yense amachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo umakwera. Fufuzani lebulo yonena kuti muli 24% ya flavone glycosides ndi 6% ya terpene lactones, mankhwala awiri ofunika a m'masambawo. Opanga achinyengo amathiramo mankhwala otchipa ochokera ku zomera zina kuti nambala yoyambayo ikwane, choncho lebulo yosatchula yachiwiriyo ikukayikitseni. Tiyi wa masamba a ginkgo si chinthu chimene chinayesedwa.

Kamwedwe ndi kasungidwe: tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo musayembekezere kanthu masabata 8 asanathe. Mabotolo ambiri amafuna malo osapitirira madigiri 25, pomwe mu Okutobala kutentha kwa Lusaka kumapyola 30. Pawindo, m'galimoto kapena pafupi ndi mbaula si malo ake. Kathumba kouma kamene kamakhala m'botolo musakataye, kamayamwa chinyezi cha m'dzinja.

Zoopsa: ginkgo amachedwetsa magazi kuundana. Kwa amene akumwa mankhwala ochedwetsanso magazi kuundana, kaya warfarin, clopidogrel kapena aspirin wa tsiku ndi tsiku, monga ambiri amene anadwalapo sitiroko, kuwonjezerapo ginkgo kungabweretse kamfuno, mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, ngakhale kukha magazi m'kati. Uzani adokotala opaleshoni kapena kuzula dzino kusanafike, ndipo ambiri amalangiza kusiya kutatsala masabata awiri. Odwala khunyu asamuyandikire. Palinso odwala amene kachilombo ka HIV kanachulukanso m'magazi atayamba kumwa ginkgo pamodzi ndi ARV wotchedwa efavirenz, chifukwa ginkgo amafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwalawo m'thupi. Ambiri kuno anasinthidwa kupita pa ARV wina wotchedwa TLD, koma alipo amene akadali pa efavirenz. Amayi oyembekezera asamwe.

Brahmi

Dzina lake la sayansi ndi Bacopa monnieri, kachitsamba kotambalala m'madambo, kodziwika m'mankhwala a makolo a ku India. Anakayesa makamaka ku Australia ndi ku India pa magulu ang'onoang'ono a anthu athanzi, pa mlingo wa 300 mg pa tsiku kwa masabata 12. Chimene chinaoneka ndi kufulumira pang'ono pozindikira zinthu ndi kusunga bwinoko mawu ongophunzira kumene. Kusinthako n'kochepa, kooneka pa mayeso a akatswiri kuposa pa moyo wa tsiku ndi tsiku, koma pa zitsamba za m'botolo ameneyu ndiye ali ndi kaumboni pa anthu amene sakudwala.

Ndalama: kapisozi mmodzi pa tsiku, choncho botolo la 60 limafika miyezi iwiri, ndipo mabotolo awiri akwanira kuyesa kwathunthu. Ufa ndi wotchipa koma mphamvu yake siidziwika, ndiponso umawawa kwabasi.

Kupezeka: sapezeka paliponse ngati ginkgo. Yesani masitolo ogulitsa zakudya zathanzi m'mamolo ndi mashopu a zinthu za ku India. Dzina loti brahmi limasokoneza, chifukwa ogulitsa ena amatchula nalo chomera china, Centella asiatica, chimene ena amati gotu kola. Werengani dzina la Chilatini, ndipo muone ngati alemba kuchuluka kwa bacosides, mankhwala ofunika a m'chitsambachi, kawirikawiri 50% kapena 55%.

Kamwedwe ndi kasungidwe: imwani mutadya, makamaka chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha: m'kafukufuku wina wa ku Australia, pa sabata yachisanu panalibe kusiyana kulikonse, kunadzaoneka pa sabata ya 12. Woyamba kumwa kutatsala masiku khumi kuti alembe mayeso wangotaya ndalama.

Zoopsa: nseru, kupotokola m'mimba ndi kutsegula, makamaka mukamwa musanadye. Amene mtima wawo umagunda pang'onopang'ono, a zilonda zam'mimba, a mphumu ndi a chithokomiro afunse kaye. Vuto lina ndi zitsulo zapoizoni. Brahmi amayamwa zimene zili m'madzi amene wameramo, ndipo kafukufuku wa mu 2008 ku America anapeza mtovu, mekyule kapena aseniki m'mankhwala amodzi mwa asanu alionse a makolo a ku India ogulidwa pa intaneti. Zimene mtovu umachita ku ubongo wa mwana, a ku Kabwe safunika kuuzidwa.

Ashwagandha

Ameneyu wafala posachedwa, makamaka kwa achinyamata opita ku jimu. Ntchito yake yodziwika si kukumbukira kwenikweni koma kuchepetsa nkhawa ndi kuthandiza tulo. Ngati chokuiwalitsani ndi kusagona, mwina mungaone kusintha kudzera njira imeneyo.

Ndalama: mlingo woyesedwa ndi 300 mpaka 600 mg wa mankhwala ofinyidwa ku mizu, ndiye kapisozi mmodzi kapena awiri pa tsiku.

Kupezeka: ali ponseponse tsopano, mpaka m'masiwiti otafuna. Sankhani wolembedwa kuti ndi wa mizu yokha.

Kamwedwe ndi kasungidwe: madzulo mutadya, chifukwa ena amawodzera naye. Musapitirize kupyola miyezi itatu, popeza kafukufuku wambiri anathera pomwepo.

Zoopsa: madokotala m'maiko angapo alembapo za anthu amene chiwindi chinatupa atamwa kwa masabata angapo. Dziko la Denmark linamuletsa mu 2023. Amakweza mahomoni a chithokomiro, ndipo kwa oyembekezera ndi woletsedwa. Amene ali pa mankhwala a TB, amene amalemetsa kale chiwindi, ndi amene ali ndi hepatitis B asamuganizire n'komwe. Maso akayamba chikasu, mkodzo n'kuda, thupi n'kumayabwa, siyani tsiku lomwelo mupite kuchipatala.

Chikasu

Pano tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ogulitsa amaziphatikiza dala: ufa wa chikasu wothira mu ndiwo, ndi makapisozi a curcumin, mankhwala amene amapatsa chikasu mtundu wake. Mu ufa curcumin amangokhala pafupifupi magawo atatu pa 100. Supuni yaing'ono ya magalamu atatu ili ndi 90 mg kapena kuchepera, ndipo wambiri amangodutsa m'matumbo osalowa m'magazi. Ku yunivesite ya UCLA, mu 2018, anthu 40 amene ankamwa curcumin wokonzedwa mwapadera kapena mapilitsi opanda kanthu kwa miyezi 18 anayesedwa, ndipo omwa curcumin anakumbukira bwinoko. Anthu 40 ndi ochepa kwambiri. Pa odwala Alzheimer, mtundu wina wa dementia, amene anayesedwa ku Hong Kong ndi ku America sipanaoneke phindu.

Ndalama: ufa ndi wotchipa. Makapisozi okonzedwa kuti alowe msanga m'magazi ali m'gulu la zodula kwambiri pashelefu, ndipo miyezi 18 si masewera.

Kupezeka: ufa uli m'masitolo onse aakulu ndi m'mashopu a zokometsera ku Kamwala. Wopimidwa pa kapu kuchokera m'thumba lopanda dzina ndi wokayikitsa, chifukwa ku Bangladesh ofufuza anapeza kuti ena amathira utoto wa mtovu kuti chikasu chiwale. Mukapeza mizu yaiwisi, bzalani. Chimamera ngati jinja, m'thumba la dothi kuseri kwa nyumba, ndipo chimakhwima masamba akauma patatha miyezi 8 kapena kuposerapo.

Kamwedwe ndi kasungidwe: mu ndiwo, kazingani theka la supuni yaing'ono m'mafuta pamodzi ndi anyezi, chifukwa curcumin amasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Sungani ufa m'botolo lotseka, pamdima.

Zoopsa: za m'mphika sizivuta. Makapisozi ndiwo ali ndi nkhani. Mabungwe oona za chakudya anaika malire a curcumin a 3 mg pa tsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye kuti 180 mg kwa munthu wa makilogalamu 60, pomwe kapisozi mmodzi amakhala ndi 500 mg kapena kuposa. Ambiri amathiramo piperine wochokera ku tsabola wakuda kuti curcumin alowe kwambiri, ndipo piperine yemweyo amasintha mmene chiwindi chimachotsera mankhwala ena. Ku Italy mu 2019 anthu angapo anatupa chiwindi ndi makapisozi otere, ndipo boma la Australia linachenjeza anthu ake mu 2023. A miyala ya mu ndulu, omwa warfarin ndi ochepa magazi awapewe.

Tiyi ndi khofi

Anthu saziwerengera ngati mankhwala, koma pa zonse zili pano kafeini yekha ndiye amagwira ntchito tsiku lomwelo, ndipo palibe amatsutsa. Patatha mphindi 30 mpaka 45 tulo timachoka, maganizo amakhazikika pa chimene mukuwerenga. Sawonjezera nzeru. Amangokuthandizani kutchera khutu, ndipo chimene simunachimvetsere poyamba simungachikumbukire. Mu tiyi mulinso theanine, amene amachepetsako kunjenjemera kobwera ndi kafeini.

Ndalama: n'zotchipa kwambiri.

Kupezeka: pa kantemba kalikonse. Tiyi amalimidwa konkuno ku Kawambwa, khofi ku Kasama ndi ku Mazabuka. Dziwani kuti khofi wa m'chitini wosakaniza ndi chicory ali ndi kafeini wochepa poyerekeza ndi khofi weniweni.

Kamwedwe ndi kasungidwe: kapu ya tiyi wakuda ili ndi kafeini pafupifupi 40 mpaka 50 mg, ya khofi wofulula 80 mpaka 100 mg. Munthu wamkulu asapyole 400 mg pa tsiku, woyembekezera 200 mg. Chofunika koposa ndi nthawi. Theka la kafeini limakhala likadali m'magazi patatha maola asanu, choncho kapu ya 17 koloko ikugwirabe ntchito pa 22 koloko. Pamene muli m'tulo m'pamene ubongo umasunga zimene mwaphunzira. Wophunzira wochezera usiku wonse ndi khofi, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, amawerenga masamba ambiri n'kusunga ochepa. Imwani m'mawa ndi masana, 14 koloko ikakwana basi.

Zoopsa: mtima kugunda msanga, nkhawa, kutentha pamtima, ndi mutu kupweteka mukasiya mwadzidzidzi. Tiyi womwera pa chakudya amatsekereza ayironi wa m'masamba ndi nyemba kulowa m'thupi, ndipo kuchepa kwa magazi pakokha kumaiwalitsa. Dikirani ola limodzi mutadya. Masupuni anayi a shuga m'kapu iliyonse, kapena zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu, zimabweza m'mbuyo phindu lonse. Makapisozi a tiyi wobiriwira ndi nkhani ina: pa mlingo wa 800 mg pa tsiku wa EGCG, mankhwala ofinyidwa ku tiyiyo, amatha kuvulaza chiwindi, zimene tiyi wa m'kapu sachita.

Moringa

Ena amati chammwamba. Ndi ndiwo yabwino, yokhala ndi ayironi, mapuloteni ndi vitamini A. Zoti amakulitsa nzeru zinachokera ku makoswe a m'labotale.

Ndalama: mukabzala nthambi kapena njere pakhomo, ndi waulere. Makapisozi ndi ufa womwewo pa mtengo wokwera kangapo.

Kupezeka: m'misika, m'masitolo, kwa aneba.

Kamwedwe ndi kasungidwe: yanikani masamba pamthunzi, chifukwa dzuwa limapha mavitamini. Sinjani, sefani, thirani supuni imodzi kapena ziwiri m'phala kapena mu ndiwo mutaphula. Ufa wabwino ndi wobiriwira, wotuwa ndi wakale.

Zoopsa: mizu ndi makungwa musadye, makamaka oyembekezera. Ufa wambiri umatsegula m'mimba, ndipo omwa mankhwala a shuga aziyeza shuga wawo akayamba kumugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Ndiwo zamasamba, nyemba ndi nshawa

Zimenezi zilibe wozitsatsa, chifukwa palibe amalemera pogulitsa mulu wa bondwe. Ku Chicago ofufuza anatsatira okalamba 960 kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo mu 2018 analengeza kuti amene ankadya masamba obiriwira tsiku lililonse nzeru zawo zinkatsika pang'onopang'ono, ngati kuti ndi ocheperapo ndi zaka 11 poyerekeza ndi amene sankadya kawirikawiri. Tisakokomeze. Kumeneko kunali kungotsatira anthu, ndipo odya masamba amasiyana ndi anzawo pa zinthu zinanso. Atayesa kadyedwe kotere mwadala pa anthu 604 kwa zaka zitatu, zotsatira za mu 2023 sizinasiyane kwenikweni ndi za gulu linalo. Komabe masamba, nyemba ndi nshawa zimathandiza BP, shuga ndi magazi, zomwe ndi njira zazikulu zimene ubongo umawonongekera, ndipo palibe botolo pamwambapa limene lingalonjeze zimenezo.

Ndalama: muli kale m'bajeti ya ndiwo. Mlingo wa m'kafukufuku uja unali theka la kapu ya masamba ophika pa tsiku. Kusintha kwake n'kwakuti masamba akhale ndiwo yeniyeni pambale, osati kachidutswa kokongoletsa pambali pa soseji.

Kupezeka: ku Soweto, ku Chilenje, ku Mtendere, ku Matero, paliponse. Repu amapezeka chaka chonse, pomwe chibwabwa, bondwe, kalembula ndi katapa zimachuluka m'dzinja. Zikachuluka futsani, mudzadye mfutso m'chilimwe.

Kamwedwe ndi kasungidwe, pano tinene kuti kaphikidwe: phindu lambiri limathera mumphika. Soda amafewetsa chibwabwa msanga n'kuchisiya chobiriwira bwino, zimene zimakopa magetsi akazima ndipo makala ali ochepa, koma amapha vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Sadzulani bwino mapesi, dulani mutatsuka osati kutsuka mutadula, thirani madzi ochepa, vundikirani, ndipo msuzi musataye. Mafuta pang'ono kapena nsinjiro zimathandiza thupi kuyamwa vitamini A, K ndi lutein, choncho ndiwo zotendera zili bwino kuposa zongowiritsa. Tomato kapena madzi a ndimu amathandiza ayironi kulowa. Katapa yekha ndiye wosafuna changu: asinjidwe ndi kuwira mokwanira, mphika uli wosavundikira, kuti poizoni wake atuluke.

Zoopsa: nshawa zosungidwa pachinyezi zimachita chuku chotulutsa aflatoxin, poizoni wa chiwindi amene sachoka ngakhale mukazinge. Sankhani musanasinje, zofota, zakuda ndi zowawa mutaye. Nsinjiro zogula kale zosinja simungadziwe zimene analowetsamo. Masamba a m'madimba othiriridwa ndi madzi a m'ngalande atsukidwe ndi madzi abwino ndipo aphikidwe, makamaka nyengo ya kolera. Omwa warfarin asasiye masamba, koma azidya mlingo wofanana tsiku ndi tsiku ndipo auze a kuchipatala.

Mabotolo osakaniza

Pali ena olembedwa zitsamba khumi kapena kuposa m'kapisozi mmodzi. Kapisozi sangapyole kukula kwake, choncho chilichonse chimakhalamo pang'ono, kutali ndi mlingo woyesedwa, ndipo chimene mumamva ndi kafeini wobisika pa dzina la guarana. Choopsa kwambiri ndi St John's wort, chitsamba chimene chimafooketsa ma ARV, mapilitsi olera ndi mankhwala a khunyu. Ngati m'botolomo muli ayironi, calcium kapena magnesium, zimenezi zimagwira dolutegravir wa mu TLD m'matumbo. Malangizo ake ndi kumwa TLD maola awiri musanamwe zimenezo, kapena maola 6 mutamwa.

Ndani atenge chiti

Wophunzira amene mayeso ali pafupi: tiyi kapena khofi m'mawa ndi masana, tulo ta maola 7 kapena 8, ndi chakudya cham'mawa. Ngati mayeso ali kutali ndi miyezi itatu, muli ndi zaka zoposa 18, simukumwa mankhwala ena ndipo ndalama zilipo, brahmi wa 300 mg ndiye yekha woyenera kuyesa. Ana a sukulu musawapatse makapisozi alionse mwa amenewa. Mtsikana wotopatopa ndi woiwalaiwala ayezedwe magazi.

Wapantchito amene mutu wadzaza ndi ngongole, lendi ndi mizere ya magalimoto ya mu Great East Road: yambani ndi tulo ndi mowa wa Lachisanu. Ashwagandha angayesedwe kwa masabata 8 ngati chiwindi ndi chithokomiro zili bwino. Mukaona kuti chimwemwe chatha, chakudya sichikukoma ndipo mumadzuka pakati pa usiku kwa masabata awiri kapena kuposa, amenewo ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika kuchipatala.

Wazaka za m'ma 50 kapena 60 amene ali bwino koma akuopa za m'tsogolo: ginkgo wayesedwa kawiri pa anthu masauzande ndipo sanateteze. Ndalama zimenezo gulani makina oyezera BP, ndiwo zamasamba tsiku lililonse, nyemba, nshawa zosankha bwino ndi kapenta. Chikasu chilowe mumphika.

Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a khunyu kapena ochedwetsa magazi kuundana, komanso oyembekezera ndi oyamwitsa: zakudya ndi tiyi wapang'ono basi. Botolo lililonse lionedwe kaye ndi a famasi pamene mumatengera mankhwala.

Agogo amene akusochera njira ya ku tchalitchi, kuiwala mphika pamoto kapena kunena kuti adzukulu awabera ndalama zimene abisa okha: si ufiti, ndipo si nkhani ya pashelefu. Apite ku kiliniki, kumene angawatumize ku UTH kapena ku Chainama. Tengani m'pulasitiki mankhwala onse amene akumwa, a kuchipatala, a kukemisiti ndi a kwa asing'anga, ndipo apite ndi munthu amene amakhala nawo, woti afotokoze pamene zinayambira. Adokotala akapeza kuti ndi dementia yongoyamba, mungawafunse za ginkgo wa 240 mg, kapena za mankhwala monga donepezil ndi galantamine. Wachiwiriyu anapezeka koyamba m'maluwa, koma amaperekedwa ndi dokotala yekha chifukwa amachedwetsa kugunda kwa mtima. Ngati kusokonezekako kwabwera mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, kapena pakamwa papotoka, dzanja lafooka, mawu sakumveka, musadikire kuti kuche. Imeneyo ingakhale sitiroko, malungo, shuga wotsika kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo.